Mpweya wa Ana Awiri

Lenia anali atagwira unamwino zaka zisanu ndi zinayi pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi Chiringa, ndipo mwezi wa Febuluwale ankaudziwa bwino. Unali mwezi wa matope, udzudzu ndi ana otentha thupi. M'mawa wa Lachiwiri limenelo amayi anali atadzaza kale khonde lonse, ena pa mabenchi, ena atayala zitenje pansi, aliyense kabuku ka kuchipatala kali m'manja. A Hector, omwe anthu ankangowatchula kuti adokotala ngakhale anali othandizira dokotala, anali m'chipinda chawo kuona odwala. Oona za mankhwala tsiku limenelo anali awiriwo basi.

M'kachipinda ka odwalitsa munagona mwana mmodzi, Noah, wa chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Mayi wake, Gertrude, ankaimba kwaya imodzi ndi Lenia, ndipo makomo awo anali oyang'anana. Noah anabwera dzuwa likungotuluka ali ndi chibayo, nthiti zikulowa mkati akamakoka mpweya. Lenia anamubaya jakisoni woyamba, n'kumuika timapaipi m'mphuno tochokera ku makina opanga mpweya. Makinawo anali amodzi okha pachipatalapo, akalekale, olira ngati chigayo cha kutali. Ambulansi anali ataiitana kale, koma yankho linali lakuti yapita ku Blantyre ndi mayi woyembekezera, ikabwerako ifika.

Cha m'ma 9 koloko pakhonde panangoti zii. Lenia, yemwe ankayeza ana malungo pa tebulo la pafupi ndi khomo, anatukula mutu. Pa kabaza pankatsika mayi wamtali, wowonda zedi, atadzikulunga nsalu imodzi yaitali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Nsaluyo inkaoneka kuti kale inali yachikasu. Mwana sanamubereke kumbuyo, anamunyamula m'manja, mutu wa mwanayo uli lende. Pambuyo pawo pankabwera mayi Esime, akazi awo a Haruna ogulitsa nsalu ndi sopo pamsika, akupuma wefuwefu, khasu lidakali paphewa.

“Anesi, thandizani kuno,” anatero mayi Esime. “Ndamupeza m'chigafa chathu cha fodya, kumunda kuja kwa m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Ndimati ndikapalire mpendadzuwa, ndangomva mwana akubuula. Ndamulankhula Chichewa, sakumva. Chilomwe, sakumva. Ndayesa Chiyao, chimodzimodzi. Koma pomwe ndimamupatsa madzi ndamumva akutchula dzina la Mulungu mmene timatchulira ife kumzikiti. Ndatumiza uthenga kwa abambo akunyumba kuti abwere.”

Lenia anatambasula manja kuti alandire mwanayo. Mayi uja anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kumuyang'ana yunifolomu, n'kuyang'ananso gulu la amayi lomwe linkamupenyetsetsa. Kenako anamupereka. Mwanayo anali wamwamuna, mwina wa zaka ziwiri, koma wopepuka ngati wa miyezi isanu ndi itatu. Thupi linali moto. Mapazi anali otupa, milomo itauma.

“Dzina lake ndani?” Lenia anafunsa m'Chingerezi. Anayesanso timawu ta Chipwitikizi tomwe anatola kwa odwala ochokera kutsidya kwa malire. Mayiyo ankangoyang'ana pakamwa pake.

Lenia atatembenuka kuti alowe naye mkati, mayi wina wa pabenchi anadandaula. “Ife tafika pano 6 koloko, anesi. Uyu wangofika kumene. Kaya wachokera kuti.”

“Wanu akuyamwa, amayi. Uyu sangathe n'komwe kulira,” anayankha Lenia osaima. Iye mwini anamva kuti mawuwo atuluka mwaukali kuposa mmene amafunira, poti mayi wa pabenchiyo nayenso anali atayenda mtunda wautali kuchokera ku Nazombe ndi mwana wotentha kumsana.

Pa kachipangizo koyezera malungo panatuluka mizere iwiri nthawi yomweyo. A Hector anasiya wodwala wawo n'kubwera. Anatsegula chikhatho cha mwanayo, chinali choyera ngati pepala. Anatsitsa chikope, momwemonso. Anamupana kachala ndi kachipangizo koonetsa kuchuluka kwa mpweya m'magazi, nambala inaima pa 80.

“Malungo aakulu, magazi atha,” anatero a Hector. “Mubayeni wa malungo pompano. Magazi ife tilibe, amenewo ndi a kuboma. Koma mpweya akufunika panopa, apo ayi ambulansi idzapeza maliro.”

Onse awiri anayang'ana makina aja. Gertrude, yemwe anakhala pamphepete pa bedi atagwira kaphazi ka Noah, anawaona akuyang'ana.

“Amake Tiko,” anatero, kumutchula Lenia ndi dzina la mwana wake monga ankachitira kumudzi. “Mukufuna mutani?”

“Tigawe mpweya, amake Noah. Paipi imodzi ipite kwa Noah, ina kwa mwana uyu.”

“Si munanena nokha m'mawa kuti makinawa ndi otopa? Kuti akungokwanira mwana mmodzi?”

“Ndinanena.”

“Nanga tsopano alimba?”

 Lenia anayang'ana a Hector, iwo anali atayamba kale kudula paipi ya diripi ndi lumo kuti apange mphanda.  Gertrude anangosendera kufupi ndi mwana wake, n'kumufunditsa chitenje ngati wina akufuna kumulanda.

Anawagoneka ana awiriwo pabedi limodzi, wina mutu uku, wina uko, poti paipi inali yaifupi. Patapita mphindi khumi Lenia anawayeza. Mwana wa mlendo uja anali atakwera kufika pa 86. Noah, yemwe m'mawa wonse anali pa 93, anatsika kufika pa 88. Lenia anapotokola kabatani ka makina mpaka kumapeto, makinawo anangowonjezera kulira, nambala sizinasinthe. Gertrude sukulu analekezera Sitandade 7, koma kuyambira m'mawa anali ataphunzira kuwerenga kachipangizoko. Anaona 88 uja ndi maso ake, n'kuyang'ana Lenia, Lenia anayang'ana pansi.

Ntchito ya pakhonde sinadikire. Lenia ankayeza ana atatu, n'kuthamangira mkati kukaona awiri aja, n'kubwereranso. Anaimbira a ambulansi kachiwiri. Dalaivala anati angonyamuka kumene ku Blantyre ndipo mvula ikugwa kwambiri m'njira. A Hector anayesa kulankhula ndi mayi uja kudzera pa foni yomasulira zinenero, koma sankadziwa chinenero choti asankhe, ndipo netiweki inkangobwera n'kuthawa. Mayiyo anakhala pansi pa simenti, chibwano chili pamphepete pa bedi, akunong'oneza mwana wake timawu tomwe palibe ankatimva.

A Haruna anafika cha m'ma 11 koloko, atatseka okala yawo. Anali bambo wachikulire, wa ndevu za imvi, wolankhula mofatsa. Anavula nsapato pakhomo ngakhale panalibe anawauza kutero, n'kupereka moni wa Chisilamu. Mayi uja anatembenuka mwadzidzidzi. Anayankha moniwo, kenako mawu anayamba kutuluka ngati madzi a mumpopi, ambirimbiri, ofulumira, misozi ikutsika osaipukuta.

A Haruna anakweza dzanja. “Pang'onopang'ono, mwana wanga,” anatero m'Chichewa, kenako anayang'ana Lenia mwamanyazi. “Ndi Chiarabu ndithu. Koma anesi, Chiarabu changa ndi cha m'Buku, chomwe ndinaphunzira kumadarasa ndili mwana. Cha mayiyu ndi cha kwawo, cholankhula pamsika. Pa mawu khumi ndikutolapo awiri.”

“Awiri omwewo atithandiza, bambo. Mufunseni dzina, ndi kuti mwanayu wadwala masiku angati.”

Zinatenga nthawi. A Haruna ankafunsa liwu limodzi, mayiyo n'kuyankha ndi mawu, ndi zala, ndi kuloza. Dzina lake anali Tahani, mwanayo Osman. Kwawo kunali ku Sudan. Kunali nkhondo, mwamuna wake anaphedwa, nyumba inapsa. Anakhalapo pa msasa wina wa othawa nkhondo, kenako mlongo wake yemwe ali ku Joni anatumiza uthenga kuti abwere, n'kupeza anthu oti amudutsitse m'maiko. Anayenda miyezi itatu, pena pa lole, pena wapansi. Osman anayamba kutentha masiku asanu apitawo.

Kenako Tahani anaika dzanja m'mwamba pang'ono, pa msinkhu wa m'chiuno mwa munthu wamkulu, n'kunena liwu limodzi kawiri konse. Liwu limenelo ngakhale mayi Esime, omwe anaima pakhomo, analimva.

“Akuti binti,” anatero mayi Esime. “Mwana wamkazi. Ali ndi mwana wina.”

“Ali kuti?” anafunsa Lenia.

A Haruna anafunsa, n'kufunsanso, nkhope yawo ikusintha. Pomaliza anakhala pa mpando wa odwala. Anafotokoza kuti mtsikanayo dzina lake ndi Mawada, wa zaka zisanu ndi zitatu. Lole itafika pafupi ndi malire, amuna owatsogolera anawatsitsa onse kuti adutse wapansi m'njira za m'minda. Osman ankalira kwambiri ndipo anakomokapo kamodzi. Amunawo anati mwana wolira awagwiritsa onse. Anamulowetsa Tahani m'chigafa muja, n'kumuuza kuti adikire pomwepo, abweranso kudzamutenga pakapita masiku awiri. Mawada anamutenga pamodzi ndi amayi ena a m'gululo, akuti akamupeza kutsogolo.

“Masiku awiriwo akwana liti?”

“Dzulo,” anatero a Haruna.

 Gertrude sanamve zonse, koma anamva zokwanira. Anamuyang'ana Tahani kwa nthawi yoyamba kuyambira pomwe analowa, kenako anabwezera maso pa chifuwa cha Noah chomwe chinkakwera n'kutsika mofulumira.

A Hector anati nkhani ya mtsikanayo ndi yofunika apolisi, ndipo anaimba foni. Lenia anafungatira Osman kuti ayese kumumwetsa madzi a shuga ndi sipuni. Mwanayo anameza kawiri, kachitatu madzi anangotsika m'mbali mwa kamwa. Cha m'ma 1 koloko Noah anali pa 86. Lenia anaganiza zochotsa mphanda ija kwa mphindi zochepa kuti Noah apezeko mphamvu. Anatsina paipi ya Osman ndi zala, akuyang'ana wotchi. Pasanathe mphindi ziwiri milomo ya Osman inayamba kuda. Anasiya. Anaima pakati pa bedi ndi makina, manja ali m'matumba a yunifolomu.

Ambulansi inafika 2 koloko itadutsa, matope ali mpaka m'magalasi. Munali namwino wa kuboma ndi botolo limodzi la mpweya. Gertrude sanadikire kuuzidwa, anakulunga Noah n'kukalowa. Koma a Haruna atamufotokozera Tahani kuti galimotoyo ikupita kuchipatala chachikulu, mtunda wa ola lathunthu, mayiyo anaimirira n'kupukusa mutu. Analoza kum'mawa, kumene kunali chigafa.

“Akuti sangapite kutali,” anatero a Haruna. “Akuti amuna aja akabwera n'kusamupeza, apita, ndipo Mawada sadzamuonanso.”

“Muuzeni kuti mwanayu akapanda kulandira magazi lero, mawa sakhalapo.”

“Ndamuuza. Mawu oti magazi ndikuwadziwa, oti imfa ndikuwadziwanso. Wamva.”

Tahani anawerama, n'kuchotsa timapaipi m'mphuno mwa Osman ndi dzanja lake, n'kumunyamula. Lenia anathamangira pakhomo n'kuima pomwepo, manja atatambasula. Anayang'anizana, mayi wamtaliyo akumuyang'ana chotsitsa maso. Tahani analankhula kanthu, osakweza mawu, ngati akufunsa funso. Lenia sanafune womasulira. Nayenso anali ndi ana awiri kunyumba. Akanauzidwa kuti asankhepo mmodzi, akanayankha chiyani? Manja ake anayamba kutsika okha.

Kunja dalaivala analiza hutala. Namwino wa kuboma anasuzumira pazenera. “Asisi, mwana winayu sakupuma bwino. Tikunyamuka kapena ayi?”

Apo mpamene a Haruna anaimirira. Anayamba kulankhula Chiarabu chawo cha m'Buku chija, pang'onopang'ono, liwu ndi liwu, akudziguguda pachifuwa ndi kuloza kum'mawa. Anatchula dzina la Mulungu katatu. Kenako anamasulira okha.

“Ndamulumbirira kuti m'chigafamo ndikakhalamo ine. Okala ikhale yotseka. Akabwera anthuwo andipeza, ndipo sachoka osandiuza komwe kuli mwana.”

Tahani anawayang'ana nthawi yaitali. Kaya anamva zonse, kaya anangotopa, Lenia sanadziwe. Anangoona mayiyo akudutsa pambali pake, n'kukakwera ambulansi, n'kukhala moyang'anana ndi Gertrude, maondo awo akugundana. Chitseko chinatsekedwa. Mphindi khumi ndi zisanu zinali zitatha pa kukanganako. Lenia anaziwerenga, ndipo masiku otsatira anaziwerenganso kambirimbiri.

Pakhonde panali patatsala amayi oposa makumi awiri. Mayi wa ku Nazombe uja anali adakali pomwepo, mwana atagona pamiyendo. Lenia anasamba m'manja n'kuitana wotsatira.

Apolisi anabwera madzulo a tsiku lomwelo. Analemba zonse zomwe a Haruna ananena, anakaona chigafa, anapezamo botolo la madzi lopanda kanthu ndi nsapato imodzi ya mwana. Anati alankhula ndi anzawo a kutsidya, koma anachenjeza kuti njira za m'minda zodutsira malire ndi zambiri, ndipo anthu otere akadutsa sachedwa pamalo amodzi.

Lachitatu Lenia anaimbira mnzake wa ku wodi ya ana kuboma. Osman anali atalandira magazi ndipo anatsegula maso. Noah anali pa mpweya, osasintha. Lachinayi masana, Lenia ali pakati pobaya ana katemera, foni inalira m'thumba mwake. Ataona dzina la mnzake uja anatuluka panja. Noah anali atamwalira cha m'ma 11 koloko.

Anabwerera mkati n'kumaliza katemera, chifukwa mabotolo anali atatsegulidwa kale. Atatha analowa m'chipinda cha a Hector n'kutseka chitseko.

“Chibayo chija chinali chachikulu, asisi,” anatero a Hector asanafunsidwe. “Mapapo onse awiri. Ngakhale tikanamusiyira makina onse, mwina zikanatha chimodzimodzi.”

“Mwina?”

“Mwina. Ndinganene chiyani china? Tikanapanda kugawa, winayo akanafera pabedi pomwe paja, tikumuyang'ana. Zimenezo ndiye ndikuzidziwa.”

“Nanga mphindi zija tinachedwetsa ambulansi?”

A Hector anavula magalasi n'kutikita m'maso. 

Maliro anali Loweruka. Lenia anavala yunifolomu ya kwaya n'kuima pamalo pake. Anthu atabalalika analowa m'nyumba momwe Gertrude anakhala pamphasa pakati pa azakhali ake. Anagwada n'kumugwira dzanja. Gertrude sanalibweze dzanjalo.

“Amake Tiko, ine sindikukunenani,” anatero ndi mawu osasa. “Mayi uja ndinakhala naye wodi imodzi masiku awiri. Noah atatisiya ndi iyeyo anandigwira, anesi asanafike. Ndilibe naye chifukwa. Koma ndikufunseni, poti inu ndi amene munaphunzira. Mukanapanda kudula paipi ija, mwana wanga akanakhala moyo?”

Azakhali aja anayang'ana Lenia. Iye ankadziwa yankho lomwe likanatonthoza nyumba yonse, ndipo linali pamilomo pake. Koma Gertrude anali ataona nambala zija ndi maso ake.

“Sindikudziwa, amake Noah,” anatero.

Gertrude anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma.

A Haruna anasunga lumbiro lawo. Anakhala m'chigafa muja masiku asanu ndi atatu, atayala mkeka pansi pa mitengo yopachikapo fodya, mayi Esime akuwabweretsera chakudya. Munadutsa anthu opita kuminda, ogula nandolo, ana oweta mbuzi. Wofunsa za mayi wachilendo sanabwere. Ena pamsika anayamba kuwaseka kuti asanduka mlonda wa chigafa chopanda fodya. Ena ankati anthu aja anamva kuti apolisi afikapo, ndiye sangayerekeze kubwerera. A Haruna atamva zimenezi anabwera kuchipatala kudzamufunsa Lenia ngati kuitana apolisi kunali kulakwitsa. Lenia anawauza zomwe anauza Gertrude.

Osman atatulutsidwa, akuluakulu a boma analola kuti Tahani akhale kaye kwa a Haruna pomwe ankakonza zomupititsa ku msasa wa othawa nkhondo ku Dzaleka. Koma kunyumbako ankangogonako. Kukacha ankanyamula Osman n'kupita kuchigafa, n'kukhala pa mkeka uja kuyang'ana msewu mpaka dzuwa kupendeka. Lenia ankadzera komweko akaweruka, atatenga timapaketi ta chiponde cha ana onyentchera. Ankamuyeza Osman kutentha, kumutsegula zikhatho, kukanikiza mapazi ndi chala kuti aone ngati kutupa kukutha. Mwanayo ankachira. Tsiku lina anamulanda Lenia cholembera n'kuseka, timano tinayi tili poyera. Tahani anamwetulira pang'ono, koma njinga yamoto itamveka kumsewu anadzuka msangamsanga n'kukaima panja mpaka inadutsa.

Awiriwo analibe chinenero. Ankangokhala. Lenia anaphunzira liwu loti madzi ndi loti zikomo, Tahani anaphunzira kunena kuti “mawa”, chifukwa ndi liwu lomwe aliyense ankamuuza. Tsiku lina Tahani analoza chakumudzi, n'kuchita ngati wanyamula khanda, n'kufunsa ndi maso. Lenia anazindikira kuti akufunsa za Gertrude. Anasowa chochita ndi manja ake kuti ayankhe, anangoti, “Alipo.”

Galimoto ya boma inabwera Lolemba la sabata yachitatu. Lenia anapempha a Hector kuti achokepo ola limodzi. Anapeza galimotoyo itaima pamsewu, bambo wina wa jekete akufotokoza mwaulemu kuti ku Dzaleka kuli anthu olankhula chinenero cha mayiyu, kuli chipatala, kulinso a bungwe lofufuza achibale otayika, omwe angalembe dzina la mtsikanayo n'kulitumiza m'maiko ena. A Haruna anamasulira zomwe anatha. Tahani sanakane ngati tsiku lija. Anali atawonda kuposa mmene anabwerera, ndipo mphamvu zokanira zinkaoneka kuti zamuthera.

Anapempha cholembera cha Lenia. Anang'amba chidutswa cha katoni ya sopo yomwe mayi Esime anamuikiramo zovala, n'kuchiika pabondo. Analemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, mizere inayi, akukanikiza kwambiri. Anakulunga katoniyo m'jumbo yoonekera mkati, n'kuimangirira pa nsanamira ya pakati ndi kansalu komwe anang'amba kumphepete kwa chovala chake. Sanaimangirire pa msinkhu wake. Anawerama n'kuimanga m'munsi, pomwe mwana angawerenge ataima.

“Walemba chiyani?” Lenia anafunsa chonong'ona.

A Haruna anagwada n'kuwerenga movutikira. “Akuti, Mawada, ndine mayi ako. Osman wachira. Atitengera kumalo otchedwa Dzaleka. Usaope bambo wa ndevu zoyera, umufunse.” Anakhala chogwada kanthawi asanadzuke.

Tahani anakumbatira mayi Esime. Kwa Lenia anangogwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kunena mawu angapo omwe a Haruna anati sanawamve. Galimoto inanyamuka kulowera ku Phalombe, Osman atakanikiza nkhope pagalasi.

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi a Haruna anayamba kuthyola fodya. Anapachika masamba m'chigafa monse, koma pozungulira nsanamira ya pakati anasiyapo malo kuti katoni ija izioneka kuchokera kumsewu. Kawiri konse anaimbira foni ku Dzaleka kudzera kwa shehe wina wa ku Dowa. Anamva kuti Tahani ali moyo, Osman akuyenda, dzina la Mawada linalembedwa ndipo likufufuzidwa. Kupitirira apo panalibe.

Lenia anapitiriza ntchito. Analemba kalata yopempha makina achiwiri a mpweya, a Hector anasainira, anayankhidwa kuti pempho lalandiridwa. Gertrude anabwerera ku kwaya itatha Pasaka. Ankapatsana moni bwinobwino, ankabwerekana mchere ndi moto ngati kale. Koma mwana wamkulu wa Gertrude atadwala malungo mu Meyi, Lenia anamuona m'mamawa akumukweza pa kabaza, n'kudutsa pa geti ya chipatala osaima, kulowera ku chipatala china cha kutali, mtunda wa maola awiri. Lenia anali pakhonde, kabuku ka wodwala kali m'manja. Anafuna kumuitana, koma sanadziwe chomwe akanamuuza akanaima.